Mfuti ya Chifefe ndi Fisi wa pa Khola

Munthu akachoka m'tauni ya Zomba kulondola msewu waukulu wopita ku Liwonde, asanafike ku Domasi amadutsa pa Songani, pamene pali msika wodziwika bwino m'dera la Mfumu Malemia. Kudzanja lamanzere kumakhala phiri la Zomba, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndipo chapatsogolo kumaoneka phiri la Malosa. Kudzanja lamanja dziko limatsetsereka kunka kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. Anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri amenewa amaweta mbuzi, nkhuku ndi nkhunda, ndipo ena ali ndi ng'ombe zowerengeka. Kumtunda kwawo, m'matanthwe ndi m'mapanga, mumakhala afisi, nkhandwe, njuzi ndi avumbwe, ndiponso kambuku, ngakhale kuti iyeyu ndi wosowa ndipo saonekera wamba. Mitengo yachepa m'mapirimo, agwape ndi mbawala zachepanso, choncho zilombo zimatsikira kumidzi. Mbuzi zikayamba kulira ndi kugunda mitengo ya khola pakati pa usiku, mwini wake amadziwa chimene chafika.

Nkhani ino ikunena za munthu mmodzi pakati pa anthu ambiri a m'mudzi: uja amene ali ndi mfuti ya chifefe pamodzi ndi chiphaso chake, amene anzake amathamangira kukamgogodera fisi akavuta. Munthu wotere akafika kwa wogulitsa zipolopolo, kawirikawiri amafunsa kuti champhamvu koposa ndi chiti. Funso limeneli ndi loperewera. Chimene ayenera kudziwa ndi chakuti mfuti yakeyo, ndi chipolopolo chakutichakuti, imapha ndithu kulekeza pa mtunda wotani, pakuti kupitirira mtunda umenewo chifefe chimangovulaza, ndipo fisi wovulala amavutitsa mudzi koposa fisi wabwinobwino. Omvera a ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mulanje ngakhale ku Rumphi, kumene midzi ili pafupi ndi mapiri, adzapeza kuti za ku Songani zikuwakhudzanso iwo.

Lamulo liyenera kutsogola. Lamulo la mfuti la chaka cha 1967 limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi, ndipo zipolopolo nazonso sizigulidwa popanda chilolezo. Lamulo losamalira nyama zakutchire la chaka cha 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopha nyama zotetezedwa koposa. Lamulo lomwelo limalola munthu kupha chilombo poteteza moyo wake kapena wa mnzake pamene palibe njira ina, koma limamkakamiza kukanena msanga, ndipo chilombo chophedwacho chimakhala cha Boma. Fisi akayamba kugwira ziweto, njira yowongoka ndiyo kukanena kwa a mfumu, kupolisi ndi ku Dipatimenti yoona za nyama zakutchire, ndipo iwowo ndiwo anene chochita. Mapiri a Zomba ndi Malosa ndi nkhalango zotetezedwa. Chiphaso cha mfuti sichipatsa munthu ufulu wokalondola nyama m'menemo. Zonse zimene zikutsatirazi ndi za munthu amene wakwaniritsa zimenezi.

Chifefe chimasiyana ndi mfuti ya asilikali chifukwa mkati mwa mpope wake ndi mosalala, ndipo chimaponya njere zambiri za mtovu nthawi imodzi, monga mmene dzanja limafesera mawere. Njerezo zimatuluka zili pamodzi, kenaka zimamwazikana pamene zikupita. Mfuti zambiri zotere m'dziko muno ndi za nambala 12. Nambalayi inachokera ku kawerengedwe kakale ka ku Mangalande: akatenga paundi imodzi ya mtovu n'kuigawa timipira 12 tofanana, kampira kamodzi kamakwana ndendende mu mpopewo, umene kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 18.5. N'chifukwa chake mpope wa nambala 20 ndi waung'ono kuposa wa nambala 12, ngakhale kuti khutu limamva ngati 20 ndiye wamkulu. Dzina lakuti Greener, limene limamveka kawirikawiri m'nkhani za apolisi, ndi la kampani ya ku Birmingham imene mfuti zake za mpope umodzi zinafala m'maiko amene ankalamulidwa ndi Angerezi.

Malo a mtovu m'chipolopolo ndi amodzimodzi, pafupifupi magalamu 32 kapena 36, ndipo kusankha konse kwagona pa kagawidwe ka mtovuwo. Ukagawidwa tinjere tating'ono, njere zimachuluka koma iliyonse imakhala yofooka. Ukagawidwa njere zikuluzikulu, iliyonse imakhala yamphamvu koma zimachepa. Pa kawerengedwe ka Angerezi, kamene kamatsatidwanso ku South Africa, chipolopolo cha nambala 6, chowombera nkhwali ndi njiwa, chimakhala ndi njere pafupifupi 300. Cha BB chimakhala ndi njere pafupifupi 80, iliyonse ya mamilimita 4. Cha AAA pafupifupi 40, za mamilimita 5. Cha SSG pakati pa 16 ndi 18, za mamilimita osakwana 7 pang'ono. Ndipo cha SG kawirikawiri chimakhala ndi njere 9 zokha, iliyonse yopitirira mamilimita 8. Njere imodzi ya SG imalemera magalamu 3.5, kutanthauza kuti imaposa njere 30 za nambala 6 zitaikidwa pamodzi. Zonse zimatuluka ndi liwiro lofanana ndithu, pafupifupi mamita 400 pa sekondi, koma zing'onozing'ono zimatopa msanga mumpweya, monga mchenga woponyedwa umagwera pafupi pamene mwala umafika patali. Wogula achenjere ndi mabokosi ochokera ku America, pakuti kumeneko maina ndi ena: imene Angerezi amati SG iwo amati 00 Buck, ndipo BB yawo ndi yokulirapo. Nambala ya mamilimita yolembedwa pa bokosi ndiyo yosanama.

Tsono nyama iliyonse ili ndi muyeso wake. Nkhandwe imalemera makilogalamu 10 kapena kupitirirapo pang'ono, chikopa chake ndi chofewa ndipo nthiti zake ndi zazing'ono. BB kapena AAA imaikwanira kulekeza pa mayadi 30. Yadi imodzi imaperewera pang'ono pa mita imodzi, ndipo ndi pafupifupi mtunda umene munthu wamkulu amatambasula miyendo poyenda mofulumira. Za vumbwe ndi njuzi zosowetsa nkhuku, kunena zoona chipolopolo chimangowonongeka: khola la nkhuku lotseka bwino limathetsa mlanduwo, ndiponso njuzi imadya mbewa ndi makoswe ambiri amene akanatha chimanga.

Fisi ndi nkhani ina. Fisi wamawanga amalemera pakati pa makilogalamu 45 ndi 80, ndipo wamkazi ndiye wamkulu kuposa wamwamuna. Khosi lake ndi mapewa ake ndi mnofu wokhawokha wolimba, chigaza chake ndi chochindikala, ndipo amatha kuthamanga mtunda wautali atavulala. Njere za nambala 6, pa mtunda uliwonse woposa mayadi owerengeka, zimathera m'chikopa ndi m'mnofu, mwina n'kumphulitsa diso basi. Ngakhale BB, imene ena amaidalira, sifika kumtima motsimikizika. Pa fisi, zoyenera kuganiziridwa ndi SSG ndi SG zokha. Ndipo ndi bwino kunena poyera kuti chida choyenera nyama ya msinkhu umenewu ndi mfuti ya chipolopolo chimodzi m'manja mwa mlenje wa Boma. Chifefe chimalowa m'malo mwake pokhapokha fisiyo ali pafupi kwambiri.

Kuti munthu amvetse tanthauzo la "pafupi", ayenera kudziwa za kukamwa kwa mpope. Mipope yambiri ya chifefe imathina pang'ono chakumapeto, ndipo kuthina kumeneku Angerezi amakutcha choke. Ntchito yake ikufanana ndi ya chala cha mlimi chofinya kukamwa kwa paipi yothirira m'dimba kuti madzi apite pamodzi. Wopanga mfuti wina wa ku Newcastle, W. R. Pape, analembetsa nzeru imeneyi mu 1866, ndipo W. W. Greener ndiye anaikonza bwino n'kuitchukitsa m'zaka za 1874 ndi 1875. Kuthinako ndi kochepa zedi. Choke yothina koposa, imene amati full, imachepetsa mpope ndi pafupifupi milimita imodzi yokha. Yapakati, imene Angerezi amati half ndipo Amereka amati modified, imachepetsa theka la milimita. Mpope wosathina konse amati cylinder. Opanga mfuti amayesa choke pa pepala loikidwa pa mayadi 40, pamene amajambulapo bwalo lotambalala mainchi 30. Mpope wa cylinder umalowetsa m'bwalomo njere 40 pa njere 100 zilizonse, wa half umalowetsa 60, ndipo wa full umalowetsa 70.

Mwini mfuti angathe kudziwa choke yake poyang'ana zizindikiro za pa chitsulo. Mfuti zambiri za ku Italy ndi ku Belgium zimakhala ndi tinyenyezi: kamodzi katanthauza full, titatu titanthauza half pa mfuti za ku Italy. Pa mfuti ya mipope iwiri yogundana m'mbali, mwambo ndi wakuti wakumanja ukhale wotseguka ndipo wakumanzere wothina. Mfuti zatsopano zili ndi timachubu tochita kupotera kukamwa, timene munthu amasintha mmene afunira.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Amaganiza kuti choke yothina imaonjezera mphamvu ya njere, kapena kuti imasandutsa chifefe kukhala mfuti yowombera patali. Choke siionjezera mphamvu ngakhale pang'ono, imangosonkhanitsa njere. Ndiponso manambala aja a 60 ndi 70 ndi a njere zazing'ono. Njere zikuluzikulu za SG zikamadutsa pa choke ya full zimapanikizana, zina zimaphwatalala, ndipo njere yophwatalala siuluka mowongoka. Chotero si zachilendo kupeza kuti mpope wa half wasonkhanitsa SG bwino kuposa wa full. Palinso vuto la pafupi kwambiri. Pa mayadi 10, njere zotuluka mu choke ya full zimangotambalala mainchi 9, pamene za cylinder zimatambalala mainchi 20. Munthu wowombera usiku, mtima ukugunda, ndi mpope wa full pa mayadi 10, akalakwitsa pang'ono chabe ndiye kuti njere zonse zadutsa padera, kapena zonse zathera m'mwendo. Pa ntchito yodikira chilombo pa khola, choke yapakati kapena yotsegukirapo pang'ono ndiyo imalolera zolakwa za dzanja.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo omvera angathe kuwatsatira ndi mbale ya nsima m'manja. Malo amene njere ziyenera kulowa kuti fisi afe msanga, pamene pali mtima ndi mapapo, angayerekezedwe ndi mbale yotambalala mainchi 10. Mbale yotere imaphimba gawo limodzi lokha mwa magawo 9 a bwalo lija la mainchi 30. Mlimi wa ku Songani akawombera SG pa mayadi 40, mwa njere 9 zija, zolowa m'bwalo zingakhale 5. Ndipo njere 5 zitamwazikana pa malo okwana mbale 9, mbale imene iye akuifuna kawirikawiri imatsala yopanda kanthu. Atachita kulunjika bwinobwino, mwayi wakuti njere imodzi yokha ifike pamtima sufika ngakhale theka. Koma njere zinazo sizisowa pogwera: zimalowa m'mimba, m'ntchafu kapena m'nsagwada.

Mlimi yemweyo akadikira kuti fisi afike pa mayadi 20, choke ya half imasonkhanitsa njere m'bwalo la mainchi pafupifupi 20, ndipo mbale ija imaphimba gawo limodzi mwa magawo 4. Pamenepo SG imalowetsamo njere 2, mwina 3, pamene SSG imalowetsamo 4 kapena 5. Pa mayadi 15 zimachulukanso. Ndicho chifukwa chake SSG ikuoneka kuti ndiyo yoyenera fisi wa pa khola: njere zake zikadali zolemera mokwanira kupyola nthiti pa mtunda waufupi chotere, ndipo kuchuluka kwake kumatseka mipata imene SG imasiya. Wina angasankhe SG chifukwa cha kulowa kwake mozama, ndipo sanalakwe, malinga ngati avomera kuti mtunda wake sunatalike ndi yadi ngakhale imodzi. Pa zonse ziwiri malire ndi mayadi 20, ndipo fisiyo akhale ataima cham'mbali, kuti njere zilowe kumbuyo kwa mwendo wakutsogolo, chakumunsi kwa chifuwa. Msana wa fisi umatsetsereka ndipo mapewa ake ndi aatali, motero maso amanyengeka n'kulunjika m'mwamba kwambiri. Fisi woyang'ana kwa mlenje, kapena amene watembenuka kuti athawe, asawomberedwe.

Wina angafunse kuti, kodi kuvulaza fisi kuli ndi vuto lanji, poti akafera kuthengo? Si onse amene amafa. Fisi wothyoka mwendo kapena nsagwada sangathenso kuthamangitsa gwape kapena kuphwanya mafupa, koma njala imamgwirabe, ndipo amayamba kufuna chakudya chosavuta: mbuzi yomangidwa pa chikhomo, galu wa pakhonde, munthu wogona panja. Dziko lino likudziwa zimene fisi angachite akasiya kuopa anthu. M'chigwa cha Phalombe, kumpoto kwa phiri la Michesi, afisi anapha anthu 5 mu 1956, enanso 5 mu 1957, 6 mu 1958, ndipo mu 1961 anapha 8. Ngozi zambiri zinkachitika m'mwezi wa September, nthawi imene anthu amagona panja chifukwa cha kutentha ndipo tchire lapsa. Ku Dowa mu 2003 chilombo chimene akuluakulu anachiganizira kuti chinali fisi wachiwewe chinapha anthu 3 ndi kuvulaza 16, ndipo anthu zikwi zingapo anathawa m'midzi yawo. Zifukwa za ngozi zimenezo zinali zosiyanasiyana, koma mudzi uliwonse umene wamvapo mbiriyi sungafune kudzipangira wokha fisi wosatha kusaka.

Manambala onse amene atchulidwawa ndi ongotsogolera, pakuti mfuti ziwiri za dzina limodzi sizimwaza njere mofanana, ndipo mfuti imodzi imamwaza mosiyana ikasinthidwa mtundu wa zipolopolo. Njira yodziwira ndi imodzi yokha: kuwombera pepala masana. Mwini mfuti adziwitse a mfumu ndi apolisi, apeze malo akutali ndi nyumba pamene pali chulu chachikulu kapena gombe lalitali kumbuyo, ndipo aimike katoni yaikulu kapena mapepala a matumba a simenti otambasula. Pakati ajambulepo mbale ija ya mainchi 10. Awombere pa mayadi 15, kenaka pa 20, kenaka pa 25, kulikonse katatu ngati angathe, akusintha pepala ndi kuwerenga mabowo a m'mbalemo. Pamene mabowo ayamba kuchepera 3 kapena 4, pamenepo ndiye pamalire a mfuti yake, ngakhale bokosi litalonjeza zotani. Pepalalo limaululanso chinthu china chimene ambiri sachidziwa: mfuti zina zimaponya njere m'mwamba kapena cham'mbali mwa pamene diso lalunjika. Zipolopolo ndi zodula ndipo zimaperekedwa mowerenga, kotero kuti kuthera zingapo pa katoni kumaoneka ngati kusakaza. Koma mtengo wake sufika pa mtengo wa mbuzi imodzi.

Akadziwa malire ake, ayese mtunda womwewo kuchokera pamene adzakhale usiku, n'kuikapo mwala woyera kapena chikhomo chopaka laimu. Mdima umasokoneza maso pa za mtunda, ndipo chilombo chimene chili pa mayadi 35 chimaoneka ngati chafika. Chikakhala kutsidya kwa chikhomocho, chala chisakhudze chitsulo chowombera.

Pali zolakwa zina zimene zimavulaza mwini mfuti fisi asanaoneke n'komwe. Zipolopolo za nambala 12 zili ndi utali wosiyana, mamilimita 65, 70 ndi 76, ndipo utali umene mfuti imalola umalembedwa pa mpope. Chipolopolo chachitali chimatha kulowa mu mfuti ya chipinda chachifupi, pakuti utaliwo umayesedwa chitatseguka, koma chikaphulika mphamvu imapitirira muyeso wa chitsulo. Chipolopolo cha nambala 20 chikaikidwa mwangozi mu mfuti ya nambala 12 chimatsetserekera mkati n'kukatsakamira. Munthu poona ngati mfuti ilibe kanthu amaikanso china, ndipo mpope umang'ambika pomwe pali dzanja lake lamanzere. Ena, potengera chizolowezi cha mfuti za gogodela, amatsegula chipolopolo cha mbalame n'kuikamo misomali yodula kapena timipira tachitsulo ta m'mawilo a njinga. Mtovu ndi wofewa ndipo umagonja podutsa pa choke, koma chitsulo chotere sichigonja, ndipo chimatupitsa kapena kuphulitsa kukamwa kwa mpope. Pa chifukwa chomwecho, njere zachitsulo zopangidwa kufakitale sizoyenera mfuti zakale za choke yothina. Ndipo pali mdani wina wamng'ono wa mfuti yopachikidwa kuchipinda: mavu amene amaumba zisa zadothi m'mabowo. Mwini mfuti asuzumire mu mpope nthawi iliyonse asanaikemo chipolopolo, makamaka m'dzinja, ndipo zipolopolo azisunge pouma, pokhoma, kutali ndi ana.

Liliponso mtundu wa chipolopolo chokhala ndi mtovu umodzi waukulu, monga cha Brenneke chimene chinayamba ku Germany mu 1898. Chimenechi chili ndi mphamvu yogwetsa fisi patali kuposa SG, ndipo chimayenda bwino mu mpope wotseguka. Koma chimafuna kulunjika kwa mfuti ya asilikali, pamene chifefe chili ndi kanjere kamodzi kokha koyang'anira kunsonga. Ndipo chikaphonya chimatha kuuluka mayadi opitirira 800. Pa malo odzaza anthu ngati m'mbali mwa msewu wa Songani, kumene nyumba, sukulu, mizikiti ndi matchalitchi zili pafupipafupi, chipolopolo chotere sichiyenera kutuluka mu mfuti usiku.

Ngakhale njere wamba zimapita kutali kuposa pamene zimaphera nyama. Za nambala 6 zimatha kuuluka mayadi opitirira 200, ndipo za SG opitirira 600. Njere imene yalephera kupha fisi pa mayadi 60 ikadali ndi mphamvu yopha mwana. Mpanda wa udzu, munda wa chimanga ndi chitseko cha matabwa siziimitsa SG. Choncho malo odikirira asankhidwe masana, akhale okwera, monga pa nsanja kapena pa chulu, kuti njere zophonya zikalowe m'nthaka, ndipo kumbuyo kwa khola kusakhale nyumba kapena njira yodutsa anthu. Ngati akuluakulu aloleza kudikira usiku, mudzi wonse udziwe, agalu amangidwe, ndipo woyatsa tochi aime kumbuyo kwa wogwira mfuti. Maso owala mumdima si umboni wa fisi, pakuti maso a galu, a mwana wa ng'ombe ndi a mbuzi amawalanso chimodzimodzi. Mtswatswa wa m'chimanga ungakhale wa munthu wochedwa kumsika kapena wochokera kumowa. Za mawu aja a m'midzi akuti afisi ena ali ndi eni ake owakwera usiku, nkhani ino siilowererapo, koma bwalo la milandu silidzamva chifukwa chimenecho kwa munthu amene wawombera mnzake. Thupi lonse la nyama lioneke, kuyambira mutu kufikira mchira.

Kambuku asiyidwe kwa eni ntchito. Ndi nyama yotetezedwa, ndipo akavulala amabisala n'kudumphira womlondola mwa liwiro limene silipatsa munthu mpata wokweza mfuti kawiri. N'zoona kuti alenje odziwa ntchito a m'maiko a kuno ku Africa akhala akunyamula chifefe cha SG kapena SSG polondola kambuku wovulala m'tchire lowirira, koma amawombera pa mayadi ochepa zedi, pamene njere zikadali pamodzi, ndipo ngakhale pakati pawo pali mtsutso ngati chifefe chimakwaniradi. Mapazi a kambuku akaoneka pafupi ndi khola, ziweto zitsekeredwe ndipo uthenga upite kwa akuluakulu tsiku lomwelo.

Nkhandwe kapena galu woyenda masana mosaopa anthu, akutuluka dovu ndi kuluma zilizonse, aganiziridwe kuti ndi wachiwewe. Ngati pafunika kumuwombera, njere zilowe m'chifuwa, pakuti ubongo ndiwo umene madokotala a ziweto amauyesa kuti atsimikize matendawa, ndipo mutu wophwanyika umamwaza zoopsa. Mtembo wake usagwiridwe ndi manja. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala cha Domasi kapena chachikulu cha Zomba, osadikira kuti aone mmene kukhalire.

Fisi mmodzi akaphedwa, phiri limatumiza wina ngati khola likadali lomwe lija. Khola la mbuzi la m'mwamba, la mitengo yolimba yokhomedwa mothinana ndi khomo lotseka ndi mpiringidzo, kapena la njerwa lofolera bwino, limagwira ntchito usiku uliwonse, mwini wake ali mtulo. Mafupa ndi matumbo otayidwa pafupi ndi msika, ndi ziweto zakufa zosakwiriridwa, ndizo zimaphunzitsa afisi njira ya kumudzi. Mankhwala akupha oikidwa mu nyama ndi oletsedwa, ndipo amapha agalu, miimba ndi zina zonse zimene zalawako.

Mfuti ikalira ndipo chilombo chathawa, munthu asachilondole mumdima. Aike chizindikiro pamene chinaima, adikire kuti kuche, ndipo m'mawa akanene kwa a mfumu ndi kupolisi kuti pali chilombo chovulala, pakuti lamulo limafuna kutero ndipo ana opita kusukulu ndi amayi opita kunkhuni ayenera kuchenjezedwa. Ngati fisi wagwa pomwepo, wowomberayo aikemo chipolopolo china, adikire kanthawi, ndipo amuyandikire kuchokera kumsana, kutali ndi kukamwa. Anthu adzasonkhana, ndipo sipadzalephera ena ofuna mchira, mphuno kapena ubweya kuti akachitire mankhwala. Mtembowo usadulidwe kalikonse. Uphimbidwe ndi masamba pamthunzi kufikira akuluakulu a Boma atafika kudzauona ndi kulemba.